Nkhope ya Bambo Anga M'kaseti ya Ukwati wa Eni

Dziko lino linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka m'chaka cha 1999 pamene TVM inayamba kuulutsa. Koma kanema sanadikire boma kuti alowe m'makwalala athu. Ife ana a ku Ndirande tinkamuonera kale m'tizisakasa ta kuseri kwa msika, titathithikana pa benchi, Rambo akuthira zipolopolo pa sikirini yonjenjemera. Ndipo matipate atangobwera, ukwati wa munthu wodzilemekeza ku Chilomoni, ku Zingwangwa kaya ku Bangwe sunkamveka ukwati popanda bambo wa kamera: chimakina cha Panasonic paphewa, kukula kwake ngati mwana wa mbuzi, nyali yake ikuthobwa m'maso mwa mkwatibwi. Kaseti yathunthu ya VHS inkalowa m'mimba mwa kamerayo, ndipo mawa lake achibale ankasonkhana kwa amene anali ndi deki kukadziona akuvina.

Makaseti amenewo alipobe. Ali m'masutikesi kunsi kwa bedi pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi malisiti a nyumba. Ambiri mwa anthu amene akuseka m'menemo anagona kalekale, pakuti inu amene munalipo zaka zimenezo mukukumbukira momwe Edzi inasesera anthu a msinkhu wobereka.

Bambo anga anatisiya m'chaka cha 2000, ine ndili ndi zaka 11. Zithunzi zawo zinalipo zitatu basi, zonse m'buku limodzi la zithunzi limene mayi ankasunga m'kabati. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, madzi analowa m'nyumba mpaka m'chiuno. Ife tinapulumuka, kusiyana ndi anzathu a ku Chilobwe amene phiri la Soche linawatsikira ali m'tulo, choncho kudandaula za mapepala kunali kochititsa manyazi. Komabe bukulo titalitsegula, nkhope zonse zinali zitasanduka phala. Chaka chotsatira banja litagwirizana zomanga chiliza, funso linabwera patebulo: pa pepala la mwambo tiikapo nkhope yanji?

Amene anatikumbutsa za kaseti ndi azakhali a ku Chilomoni. "Mwanawe," anatero, "paja bambo ako ndi amene anagwira mbale ya perekaniperekani pa ukwati wa mwana wa aneba athu aja. Kaseti yake ndili nayo ine."

Kukhala ndi kaseti n'kwina, kuiona n'kwinanso. VHS inabwera ndi kampani ya JVC mu 1976, ndipo Funai, imene inatsala yokha ikupanga madeki, inasiya ntchitoyo mu 2016. Deki yamoyo ndinakaipeza ku Bangwe kwa mkulu wina wokonza mawailesi, itakwiriridwa ndi fumbi pansi pa mulu wa zitsulo. Mkuluyo ataunika kaseti pa kawindo kake anapukusa mutu. Tepi inali itachita chuku choyera. "Achimwene, mukangoiponya chonchi m'deki, ithimbiriza mutu wa makina, mwinanso kuduka kumene," anandichenjeza. Anaimasula, n'kumaipukusa ndi dzanja pang'onopang'ono akupukuta ndi kansalu kofewa, ntchito ya tsiku lathunthu.

Ena akafuna chithunzi kuchokera m'kanema amangoimitsa tepi n'kujambula sikirini ndi foni. Zimenezo ine ndimati n'kutunga madzi ndi dengu. Deki ikaima chithunzi chimanjenjemera, mizere yakuda imadutsa pakati, ndipo pagalasi pamaonekanso mthunzi wa mwini foniyo atatong'ola maso. Njira yabwino ndi yodutsa pa kompyuta. Kumbuyo kwa deki kuli timabowo titatu: kachikasu ndi ka zithunzi, kofiira ndi koyera ndi ta mawu. Nthambo zochokera m'menemo zimalowa m'kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamasandutsa kanemayo kukhala manambala n'kuwapereka ku kompyuta kudzera pa USB. Palibe chidule. Kaseti ya maola atatu imafuna maola atatu omwewo, iwe uli duu pampando, ukumvera malangizo a anamkungwi a banja la eni.

Pakona pa sikirini panalembedwa 16.8.1997. Bambo anatulukira patatha ola limodzi ndi theka, atavala jekete yotuwa imene ndinali nditaiwala kuti inaliko. Ndinadzuka n'kutuluka panja kaye.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kanema ndi bodza lokoma la maso. Makamera a kuno ankatsata dongosolo la PAL, limene limaika zithunzi 25 m'sekondi iliyonse. Koma chithunzi chilichonse n'chopangidwa ndi matheka awiri: kamera imajambula mzere woyamba, wachitatu, wachisanu mpaka pansi, kenaka n'kubwerera kudzajambula mizere imene inadumpha ija. Pakati pa matheka awiriwo pamadutsa kanthawi kochepetsetsa, gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi. Kanema akamayenda diso silizindikira. Ukangomuimitsa, munthu amene anali kusuntha amatuluka ndi m'mphepete mwa mano-mano ngati chipeso. Kompyuta ikhoza kusalaza manowo potaya theka limodzi kapena kusakaniza onse awiri, koma pamenepo nkhope imachita ngati ili kuseri kwa nkhungu ya pa Ndirande m'mwezi wa Juni. Onjezani kuti chithunzi chonse chili ndi timadontho 720 m'lifupi ndi 576 chotsika, osafika ngakhale theka la miliyoni, pamene kafoni kotchipa ka ku Limbe kamajambula mamiliyoni angapo. Ndipo VHS yeniyeniyo sikwanitsa n'komwe kudzaza timadontho timeneto.

Ndiye mankhwala ake n'kusaka pamene munthu waima chilili. Pa pulogalamu ya VLC ukadina E kanema amasuntha chithunzi chimodzi chokha, ukapeza chokukomera umadina Shift ndi S n'kuchisunga. Ndinadina E ameneyo usiku utatu.

Vuto linali loti bambo anga sanali munthu woima malo amodzi. Pa perekaniperekani ankavina ndi mbale, akuwerama, akutembenuka, ndalama zamapepala zikuwagwera pamapewa. Pamene anaima bwinobwino panali pa pemphero, koma apo anali atatsinzina, ndipo nkhope yotsinzina siikidwa pa pepala la chiliza. Wa kamera nayenso, Mulungu amukhululukire, ankakonda kukoka chithunzi pafupi n'kuchibwezanso kutali ngati akupalasa bwato. Mwayi unabwera pamene zokuzira mawu zinalira tswii, gulu lonse n'kudzidzimuka. Bambo anaima, nayang'ana cha kumene kunali kamera, pakamwa kuseka kutangoyamba. Sekondi imodzi ndi theka. Mwa zithunzi zosakwana 40, zitatu zinali zooneka, chimodzi chinali iwowo.

Mnyamata wa pamalo posindikizira mapepala atachiona anachita chisoni. "Akulu, ichi n'chakhungu kwambiri, dikirani ndikukonzereni." Anachiponya mu pulogalamu ina ya pafoni, ya nzeru zopangidwa zija zatchukazi, ndipo mphindi isanathe panatuluka bambo wosalala, wa maso owala, tsitsi lililonse likuwerengeka. Kunena zoona chinali chokongola. Koma makina amenewa sabweza zimene tepi inataya. Amangoyerekeza kuchokera ku nkhope zambirimbiri za anthu ena zimene anaphunzirapo, n'kumata pamene pasoweka. Ndinatenga zonse ziwiri kupita nazo ku Chilomoni.

Azakhali anavala magalasi, nayang'ana chosalalacho nthawi yaitali. "Bwana ameneyu ndi wa kuti? Mlongo wanga anali ndi mpata pakati pa mano, ndiponso chipsera apa, pamene anagwa mu mtengo wa mango." Chakhungu chija sanachifunse kanthu. Anangochipukuta ndi nsonga ya chitenje, ngati kuti nkhunguyo ingachoke.

Tinasindikiza chomwecho, kukula kwake ngati chikhatho, chifukwa kupitirira apo nkhope inkamwazika n'kukhala timabokosi. Deti la pakona sindinalidule.

Mbiri inayenda m'Chilomoni kuti mwana wa malemu uja akutulutsa anthu m'kaseti. Anabwera anayi m'mwezi umodzi, aliyense ndi wake amene anali pa ukwati womwewo. Wotsiriza anali mayi wina wachikulire. Amuna awo sanali pa gome la alendo kapena m'bwalo lovinira. Anangodutsa kumbuyo kwa mkwati atasenza kreti ya Fanta, masekondi awiri okha. Tinayenda zithunzi 50 zonsezo chimodzichimodzi, mayiwo atayandikitsa mpando. Chabwino koposa chinali ndi khutu, tsaya limodzi ndi dzanja logwira kreti. Ndinawauza kuti sichingathandize kwenikweni.

"Ndisindikizireni ziwiri, bambo," anatero. "China ndimtumizire mwana ali ku Joni."