Musanagule pickup yatsopano, tsegulani gitalayo

Gitala ya magetsi ikayamba kulira moipa, mwini wake amathamangira kunena kuti pickup yatha. Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri pakhonde panga pano pa Uraha, pamene ndimakonzera mawailesi, ma amp ndi magitala a makwaya ndi timabandi ta ku Chilumba, ku Uliwa ndi ku Nyungwe. Akunja amadziwa Uraha chifukwa cha chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka kuno mu 1991, koma sitolo ya zida za gitala kuno kulibe. Pickup yatsopano ichokere ku Mzuzu, kapena wina aigule ku Mbeya n'kuwoloka nayo pa Songwe, apo ayi mutume m'bale wa ku Johannesburg. Ndalama zake zimachokera m'matumba a mpunga amene munthu wagulitsa. N'chifukwa chake sindilola munthu kugula kanthu ndisanamasule masikulu n'kuona m'kati. Magitala ambiri amene amafika kwa ine pickup zake n'zamoyo. Chimene chimadwala ndi mawaya.

Pickup ndi chinthu chosavuta kumvetsa. Ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa woonda kuposa ulusi wosokera, wozungulizidwa pafupifupi maulendo 8,000 pa pickup ya mtundu wa Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo timeneti ndi timene amp imakuza. Ndiye chinthu choyamba ndimatenga mita, n'kuiika pa 20k, n'kuyeza pa chingwe voliyumu ili pamapeto. Pickup ya koilo imodzi imawerenga pafupi ndi 6k, humbucker wamba, ya makoilo awiri, imafika cha m'ma 8k. Mita ikawerenga chonchi, koiloyo ndi yamoyo, ndipo ndimauza mwini wake kuti, “Achimwene, ndalama yanu isungeni kaye.”

Kuno kunyanja kumatentha, ndipo woimba akamaliza mapemphero a Lamulungu malaya amakhala atanyowa. Thukuta limalowa m'mapoti a voliyumu ndi toni, limalowa mu switch, limadya jack. Dzimbiri la pa jack lokha limatha kuchititsa gitala kulira ngati ili kuchipinda china. Kupala pang'ono ndi sandipepala wosalala, kuwotchereranso mtovu pamene waya wagwedera, basi mawu abwerera.

Dandaulo lalikulu ndi kung'ung'uza. Apa ndimafunsa woimba kuti achite zinthu ziwiri ine ndikumvetsera. Choyamba agwire nsambo. Phokoso likachepa, ndiye kuti waya wochokera kumsana kwa poti kupita ku buriji ulipo, chimene chikusowa ndi chotchinga. Ndimamata pepala la aluminiyamu m'dzenje la mawaya monse ndi kuseri kwa pulasitiki, n'kuonetsetsa kuti likukhudzana ndi thupi la mapoti. Kugwira nsambo kukapanda kusintha kanthu, waya wa ku buriji waduka. Phokoso likamakula pogwira, wina anasinthanitsa mawaya awiri a pa jack. Chachiwiri, woimbayo atembenuke pang'onopang'ono ali ndi gitala m'manja. Kung'ung'uza kukamakwera ndi kutsika malinga ndi kumene wayang'ana, ndiye kuti koilo ikutola magetsi athu a 50 Hz kuchokera ku thiransifoma ya amp, ku jenereta kapena ku inveta ya sola. Izi aluminiyamu sangazithetse, ndipo m'pamene nkhani yosankha pickup imayambira.

Humbucker ya kampani ya Gibson anaipanga Seth Lover, ndipo inayamba kuikidwa pa gitala ya Les Paul mu 1957. Ndi makoilo awiri ogundana, maginito ake oyang'ana mosiyana, moti phokoso la koilo imodzi limafafaniza la inzake koma mawu a nsambo amaphatikizana. Anyamata akamva zimenezi amafuna humbucker tsiku lomwelo. Ine ndimayamba ndafunsa kuti amaimba chiyani. Kuno khutu lathu linakula ndi rumba ya ku Congo ndi ku Tanzania, gitala ya Franco ndi ya Diblo Dibala, komanso sungura ya Alick Macheso. Ngakhale m'tchalitchi, chitamando chikafika pakolasi yovina, woimba lead amapita kumunsi kwa khosi la gitala n'kuyamba sebene. Mawu amenewo amafuna kuthwa, nsambo iliyonse imveke payokha pamwamba pa kiyibodi ndi ng'oma. Humbucker yamphamvu, ija yowerenga 14k kapena 16k yopangidwira nyimbo za rock, imatulutsa mawu onenepa amene amamira m'kati mwa kiyibodi. Ndaona anthu akulipira ndalama zambiri kuti agule chinthu chowachotsera mawu amene ankawakonda. Oimba reggae ya ku Chileka, amene ntchito yawo ndi kudula rhythm, nawonso koilo imodzi imawakwanira.

Pali njira imene sifuna kugula kanthu, ndipo ndi imene ndimaikonda kwambiri pa ntchito yonseyi. Magitala otchipa a mapickup atatu amakhala ndi maginito a ceramic omatidwa pansi pa koilo. Ndimachotsa pickup yapakati, n'kumatula maginito ake mosamala, n'kuwatembenuza, n'kumatanso, kenaka n'kusinthanitsa mawaya ake awiri. Tsopano switch ikakhala pamalo achiwiri kapena achinayi, pickup yapakati ndi inzake zimagwira ntchito ngati humbucker: phokoso limazima, koma mawu amakhalabe owala, ndipo malo awiri amenewa ndi amene oimba rumba amakhalapo nthawi zambiri. Musanamatule, yang'anizanitsani mapickup awiriwo nkhope ndi nkhope. Akakokana, kufakitale anatembenuza kale, musakhudze. Mukamaliza n'kumva mawu oonda opanda besi, ndiye kuti mwatembenuza chimodzi chokha, maginito kapena mawaya. Ziyenera kutembenuka zonse ziwiri.

Toni anthu ambiri saigwira n'komwe, amati imangotseka mawu. Imatseka chifukwa kapasita yake ndi yaikulu. Kapasita imagwira ntchito ngati ngalande ya pasikimu ya mpunga ya Hara: imapatutsa gawo la madzi asanafike kumunda, ndipo poti ndiye chitseko chake. Chimene imapatutsa ndi mawu akuthwa. Yolembedwa 473, imene ndi 0.047, imapatutsa ambiri, moti mukapotoza pang'ono gitala yalowa m'bulangete. Yolembedwa 223, ya 0.022, imachotsa kuthwa kopweteka khutu kokha n'kusiya thupi la mawu. Ine ndimaika 223 pafupifupi pa gitala iliyonse, ndipo ndimaichotsa pa bolodi ya wailesi yakufa. Makapasita odula amene amatchuka pa intaneti sindinamvepo kusiyana kwake ndi iyi, bola nambala ikhale yomweyo.

Pa mawaya akale a Stratocaster, pickup ya ku buriji ilibe toni. Ndiyo imene imalasa makutu a amayi okhala kutsogolo m'tchalitchi. Kawaya kakafupi kamodzi pa switch, kolumikiza mwendo wa pickup imeneyi ku toni yomaliza, kamathetsa vutolo.

Mapoti nawo ali ndi nambala. Koilo imodzi imayenda ndi 250k, humbucker imayenda ndi 500k. Munthu akaika humbucker n'kusiya mapoti a 250k, mawu amada, iye n'kumati anamugulitsa yabodza. Akaika 500k pa koilo imodzi, gitala imalira mopyoza. Gitala yosakaniza, humbucker ku buriji ndi makoilo awiri kutsogolo, ndimaiikira 500k, kenaka rezisita ya 470k kuchokera pa mwendo wa koilo imodziyo kupita ku thupi la poti, kuti iyo izimva ngati ili pa 250k. Pa voliyumu funani poti yolembedwa A, chifukwa imakwera mofanana ndi mmene khutu limamvera. Ndipo ngati mawu amada mukatsitsa voliyumu, kakapasita kolembedwa 102 pakati pa mwendo wolowera ndi wapakati kamasunga kuwala. Abusa akakodola kuti gitala itsike, woimba amatsitsa koma akumvekabe.

Amene wafunadi humbucker, mwina chifukwa bandi yake imaimba ndi jenereta m'maukwati sabata ndi sabata, ndimamulangiza kuti apeze yowerenga pafupi ndi 8k, ya maginito a alnico, ndiponso ya mawaya anayi. Ya mawaya anayi mungathe kuzimitsa koilo imodzi ndi poti yokoka, n'kubwezera mawu a sebene pamene magetsi ali abata. Musadalire mtundu wa mawaya, pakuti makampani a Seymour Duncan ndi DiMarzio sagwiritsa ntchito mitundu mofanana. Yezani ndi mita kuti mudziwe awiri amene ali a koilo imodzi. Mukaika, dinani nsambo pa fret yomaliza n'kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono pakati pa nsambo ndi pickup. Pickup ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, mawu amafa msanga ndipo gitala siichunika ngakhale mutapotoza chotani.

Chinthu chimodzi ndimakana ngakhale munthu andilonjeze ndalama zingati. Ena amabwera akuti maikolofoni ikuwagwira mlomo akagwira nsambo, ndiye ndidule waya wa ku buriji. Vuto pamenepo silili m'gitala. Lili mu amp, mu mikisa, kapena m'chingwe cha magetsi chimene wina anachotsa pulagi n'kulowetsa mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi. Kudula wayawo kumangobisa ngozi, chifukwa jack ndi zitsulo zina zikadali zolumikizana ndi amp, ndipo magetsi a 230 V amapha munthu wonyowa thukuta ataima pa simenti wopanda nsapato. Akuluampingo ndi eni mabandi, woimba wanu akanena kuti chida chikumugwira, zimitsani pomwepo. Gulani pulagi ya mano atatu, itanani wamagetsi ayeze earth ya nyumbayo, ndipo musamulole mnyamatayo kugwiranso gitala mpaka zimenezi zitakonzedwa.