Akavalo a papepala sakwera chitunda

Kuseri kwa phiri la Dómuè, m'boma la Angónia, kuli bambo wina mlimi wa mbatata ya kachewere amene kwa nthawi yaitali anthu ankamudziwira patali ndi kulira kwa mota yake yakuda yopanda magalasi. Mkuluyu anabwerako ku Dedza m'chaka cha 1993, nkhondo itatha, ali mnyamata, atatenga khasu, mphasa ndi njinga yakapalasa. Anapalasa njingayo zaka zambirimbiri kufikira munda ndi dimba zinamugulira mota. Motayo inamugwirira ntchito zaka 9. Inanyamula feteleza, mbewu, nkhumba, odwala, ngakhalenso matabwa a bokosi tsiku la maliro.

Tsono mwezi wa Malichi wapitawu, mvula itagwa usiku wonse, mkuluyu anamanga matumba awiri a kachewere kumbuyo kwa motayo kuti akapeze lole ya ogula imene imadikira kumsewu waukulu. Pakati pa mudzi wake ndi msewuwo pali kamtsinje, ndipo munthu akangowoloka amakumana ndi chitunda cha dothi la katondo chimene mvula ikagwa chimaterera ngati therere. Pakati pa chitundacho mota inalira mokuwa, kenaka panamveka fungo la kilatchi yopserera, utsi nkutuluka, injini nkungoti zii. Pamene ankafika kumsewu, atasenza matumba limodzilimodzi, lole inali itapita kalekale. Mbatatayo anaigulitsa mkuja mwake pamtengo wolira nawo.

Mekaniko ataitsegula anapukusa mutu. Pisitoni inali itakanda silinda, kilatchi itapsa, ndipo chitsulo cha pansi pa mpando, chimene anachiwotcherera kale kawiri, chinali chitang'alukanso. Kuikonza kukanakhala kutunga madzi ndi dengu.

Ndalama za mbatata zokha sizikanakwana mota ina, choncho panafunika kugulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo. Mayi a kunyumba sanakane, koma anaikapo mawu. "Ng'ombeyo gulitsani, abambo," anatero. "Koma mukumbuke kuti mpongozi wathu ndi woyembekezera, ndipo nthawi yake idzakwana mvula itayamba. Mota imene mukagule ikhale yoti idzakwere chitunda chija usiku popanda wotsika."

Mwana wawo wachisamba, mwamuna wa mpongoziyo, anali atakhalako mumzinda wa Tete akunyamula anthu pa mota, ndiye pankhani ya injini ankadziona ngati wodziwa. Iye ndiye anaperekeza bambo ake ku Ulónguè. M'tauniyi masiku ano mota zachuluka kuposa abulu: za Boxer, za TVS, za Lifan ndi zina za maina osatchulika. Atazungulira m'maloja, ndalama zawo zinaloza mota ziwiri, zonse za injini ya 150 cc. Yoyamba inali yofiira, yonyezimira, nkhope yake yosongoka ngati ya mavu. Yachiwiri inali yosaoneka bwino kwenikweni, ya mpando wautali wosalala ndi kaliyala yachitsulo.

Wogulitsa anamenya thanki ya yofiirayo nati, "Iyi ili ndi akavalo 14, inayo 12 basi."

"Mwamvatu, ababa," anatero mnyamata uja. "Kodi 14 ndi 12 wamkulu ndani?"

Mkulu uja sanayankhe. Sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma zaka zogula feteleza zinamuphunzitsa kuti papepala sawerenga mzere umodzi wokha. Pansi pa mzere wa akavalo panali mzere wina, pepala lina litalemba kuti torque, lina lachipwitikizi litalemba kuti binário. Pa yofiira panalembedwa 14 CV pa 9,000 rpm, ndi 11.5 Nm pa 7,500 rpm. Pa inayo panalembedwa 12 CV pa 7,500 rpm, ndi 12.5 Nm pa 5,000 rpm. Atafunsa tanthauzo lake, wogulitsa anangoti zimenezo nza azungu opanga. Mkuluyu anakopera manambalawo kuseri kwa lisiti, nanena kuti safunsa anadya phula. Anatsikira kwa mmisiri wina wachikulire amene amakonza mota pansi pa mitengo ya bulugamu kufupi ndi msika.

"A mesitiri," anatero, "manambala awiriwa, yoona ndi iti?"

"Onse ndi oona, madala," anayankha mmisiriyo, "ndipo si adani ayi. Ndi mayi ndi mwana."

Anatola sipanala. Anati torque ndi mphamvu yopotokola, yonga imene dzanja limapereka pomanga nati. Sipanala itakhala yotalika mita imodzi, kumapeto kwake nkukolowekako paketi ya shuga ya kilo imodzi, kupotokola kumeneko ndi pafupifupi 10 Nm. Mkulu uja anadabwa kuti kamphamvu kopitirira pang'ono paketi ya shuga kanganyamule bwanji munthu ndi matumba awiri. Mmisiri anati apo mpamene pali ntchito ya magiya ndi tcheni. Pa giya yoyamba injini ya mota zazing'onozi imazungulira pafupifupi ka 30 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo kupotokola kuja kumafika kutayala kutachulukitsidwa chimodzimodzi. Za rpm anati nkuchuluka kwa maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi.

"Nanga akavalo?"

"Taganizani amayi awiri akukonola chimanga. Wina munsi wake ngwolemera, amamenya modekha, koma kumenya kulikonse chimanga chimamva. Winayo munsi wake ngwopepuka, koma manja ake ngachangu. Kulemera kwa munsi ndiye torque. Changu cha manja ndiye rpm. Mphale imene yatuluka pofika masana ndiwo akavalo. Wa munsi wopepuka angathe kumuposa mnzake, inde, koma pokhapokha akamathamanga osapuma. Akangochedwetsa manja, wagonja."

Nkhani ya akavaloyi njakale. Anaiyambitsa ndi James Watt, mmisiri wa ku Scotland, m'zaka za m'ma 1780, pamene ankagulitsa makina oyendera nthunzi kwa anthu amene ntchito zawo zinkagwiridwa ndi akavalo enieni. Kavalo wa CV amene amalembedwa pa mapepala a kuno ndi mphamvu yokweza makilo 75 mita imodzi pa sekondi imodzi. Choncho nambala ya akavalo sikunena za kukoka kokha ayi, ikunena za kukoka pamodzi ndi liwiro.

Mmisiri uja analemba samu pansi ndi kamtengo. Anati munthu akachulukitsa Nm ndi rpm, nkugawa ndi 7,000, amapeza akavalo a CV pa nthawi imeneyo. Ndiye anafunsa mkulu uja kuti pokwera chitunda chamatope ndi katundu, injini amailiza motani. Mkuluyo anati amailiza pakatikati, chifukwa akaikoka kwambiri tayala limangopala matope. Mmisiri anati pakatikati pamenepo ndi cha m'ma 5,000. Mota yosaoneka bwino ija pa 5,000 ikupereka 12.5, ndiye kuti akavalo pafupifupi 9. Yofiira mphamvu yake yonse yopotokola ndi 11.5, ndipo imeneyo imabwera pa 7,500. Ngakhale ataikomera mtima nkuipatsa 11.5 yomweyo pa 5,000, akavalo ake angangopitirira 8 pang'ono, ndipo kunena zoona safika nkomwe pamenepo.

"Akavalo 14 aja alipo ndithu," anatero, "koma amakhala pa 9,000. Inu madala, pa msewu wa kwanu uja, munayamba mwafikako pa 9,000?"

Anawonjezanso china chimene wogulitsa sananene. Manambala a papepala amayesedwa ngati kuti mota ili m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene mpweya ngwokwanira. Ulónguè ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo midzi ya kumapiri ili pamwamba kuposa apo. Injini zotere zimataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse okwera. Mota ya akavalo 12 ikafika kuno imatsala ndi 10 ndi theka. Nchifukwa chake mota imene inkauluka mumzinda wa Tete, m'chigwa cha Zambezi, ikakwera ku Angónia imaoneka ngati yadwala malungo.

Mnyamata uja sanagonje msanga, ndipo mfundo yake inali yomveka. Anati yofiirayo ukaiika giya yoyamba nkuikoka mokwanira, chitunda chilichonse ikwera. Mmisiri anavomera kuti nzoona, ndipo anati pa tala wopita ku Calómuè, munthu ali yekha, yofiira ingaisiye inayo kutali. Koma anakumbutsa kuti injini zimenezi zimazizira ndi mphepo. Mota ikamakwawa pachitunda injini ikukuwa, mphepo palibe, moto ndiye wambiri. Woyendetsa amayamba kusewera ndi kilatchi kuti injini isazime, ndipo kilatchi imapsa. Petulo naye amatha ngati thanki yabooka.

Atatero anafunsa kuti mota yakufa ija ili kuti. Anamuuza kuti injini ndi tcheni zake anabwera nazo m'thumba kuti mwina angagulitseko zitsulo. Mmisiri anatulutsa sipuloketi yaing'ono ya kutsogolo, imene ena amaitcha pinhão, nawerenga mano ake ndi chala. Anapeza 15.

"Mota iyi inabwera ndi mano 14," anatero. "Anasintha ndani?"

Panakhala chete. Kenaka mnyamata uja, akuyang'ana pansi, anati ndi iye. Anaisintha chaka chapitacho pofuna kuti izithamanga bwino pa tala, ndipo bambo ake sanawauze. Mmisiri anati dzino limodzi lowonjezera kutsogolo limachotsa pafupifupi magawo 7 mwa 100 a mphamvu yokoka pa giya iliyonse. Kwa mota yokalamba, pa chitunda cha katondo, ndi makilo 100 kumbuyo, dzino limodzilo linali lokwanira.

Mkulu uja sanakalipe. Anatenga sipuloketiyo, naipukuta ndi nsanza, naiika m'thumba la jekete. Anangoti, "Nanenso matumba ndinkachulutsa. Tiyeni, dzuwa lapendeka."

M'loja salola kuyesa mota yatsopano ndi katundu. Choncho m'mawa mwake awiriwo anapeza anyamata awiri onyamula anthu amene anali ndi mota za mitundu iwiri ija, nawathirira petulo lita imodzi aliyense. Anabwereka thumba la chimanga la makilo 50, napita pachikweza china kunja kwa tauni. Woyendetsa anali mwana uja, bambo ake atakhala kumbuyo. Yofiira inakwera, koma pa giya yoyamba yokha, ikulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, ndipo ataimitsa pakati kuti anyamukenso inazima kawiri. Inayo inakwera theka la chikwezacho pa giya yachiwiri, ndipo ataimitsa inanyamuka popanda kukakamiza. Atatsika, mnyamatayo anaika dzanja pafupi ndi injini ya iliyonse, nakhala kanthawi osayankhula.

"Ababa," anatero potsiriza, "tengani yakaliyalayi."

Asanapereke ndalama, mkulu uja anabwereranso kwa mmisiri kukafunsa ngati zipangizo zake zimapezeka. Anamuuza kuti tcheni, mabuleki, mapulagi ndi mbale za kilatchi za mtundu umenewo zili mbwee ku Ulónguè, ku Dedza ndi ku Lizulu komwe, pamene za yofiira nzoitanitsa ku Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200. Anamulangizanso kuti aone m'kabuku ka motayo kulemera kwa katundu amene opanga analoleza, chifukwa injini ingathe kukoka zimene mabuleki ndi masipoko sangapirire. Anagula motayo, natenga mapepala ake onse, ndipo ndalama zotsala anagulira kapaseti wachiwiri.

Kumudzi si onse anamuyamikira. Achinyamata a pa gulosale anaseka kuti madala agulitsa ng'ombe nkugula bulu. Mwana wake yemwe, tsiku lina akuchokera ku Calómuè, anafika akudandaula kuti mota yofiira inamudutsa ngati waima. M'khola namo mwatsala ng'ombe imodzi, ndipo pokolola chimanga anachita kubwereka ya mlamu wake kuti ngolo iyende, nalipira ndi matumba awiri. Mtengo wa motayo sunathere m'loja.

Koma amene akufuna kugula mota chaka chino angatolepo kanthu pa ulendo wa mkuluyu. Wogulitsa akatchula akavalo, mufunseni kuti akavalowo amabwera pa rpm zingati. Muonenso mzere wa Nm, ndipo kwa munthu wa katundu ndi misewu yafumbi, yabwino ndi imene Nm zake zimabwera msanga, injini isanayambe kukuwa. Muwerenge mano a masipuloketi, makamaka ngati motayo njogwiritsidwapo kale ntchito. Muiyese pachitunda muli ndi katundu, muime pakati, munyamukenso. Amene ntchito yake ili pa tala, wopanda katundu, akavalo ambiri angamukomere, ndipo palibe cholakwa. Chachikulu nchakuti munthu adziwe msewu umene adzayendemo masiku onse, osati umene amaulota.

Mvula yoyamba itagwa, mkulu uja anadzuka mbandakucha, namanga thumba la mchenga kumbuyo kwa mota, nauza mwana wake kuti apite kukamtsinje kuja. Anakwera chitundacho katatu, matope ali thaphwithaphwi, iye ataima pamwamba ndi tochi. Ulendo wachitatu anamuuza kuti azimitse injini pakatikati, ailizenso, anyamuke. Motayo inanyamuka. Atabwerera kunyumba anapeza mayi akukoleza moto.

"Yakwera?" anafunsa mayiwo.

"Yakwera."

"Ndiye thankiyo muidzaze lero lomwe, ndipo makiyi azigona pamsomali. Mpongozi wayamba kudandaula msana."

Sipuloketi ya mano 15 ija ili pamsomali womwewo. Aliyense wotenga makiyi amayamba waikhudza.