Anandifunsa kuti ndataya chiyani kumtsinje

Ndatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Scotland, ndikusamalira okalamba kufupi ndi Glasgow. Mwa zizolowezi zonse za kuno, chimene chinandilowerera ndi chimodzi chooneka chopanda mutu: kuyenda popanda kumene ukupita. Anandiyambitsa ndi mnzanga wa kuntchito, bambo wa konkuno wondiposa zaka khumi. Lamlungu lina mu Disembala anati tikayende m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ndinamufunsa kuti tikukaona ndani. Palibe. Tikukagula chiyani? Palibe. Ndinavala majekete awiri n'kumutsatira, mumtima ndikuti mkuluyu zamusokonekera.

Tinayambira pa Blantyre. Inde, Blantyre wa kuno, katauni kamene David Livingstone anabadwirako mu 1813, komwe ife tinabwereka dzina. Pali kamlatho ka oyenda pansi kowolokera ku Bothwell, kenako njira imatsata madzi mpaka pa bwinja la linga lakale la miyala yofiira. Ndi chigawo cha njira yotchedwa Clyde Walkway, yochoka ku Glasgow kukafika ku New Lanark, makilomita oposa 60. Mitengo inali itayoyola masamba onse, matope mpaka m'akakolo, dzuwa linalowa 4 koloko isanakwane. Amene tinakumana nawo anali ndi agalu pachingwe, moni wawo kungogwedeza mutu. Lamulo la kuno la 2003 limalola munthu kudutsa pafupifupi paliponse, ngakhale pamalo a eni, bola usawononge kanthu kapena kulowa pabwalo la nyumba ya munthu. Chimene chinandidabwitsa ndi mtsinjewo. Madzi ochuluka chonchija, wochapa palibe, wotunga palibe, ngakhale mbuzi yomwa. Madzi ongodziyendera ngati ifeyo.

Tili pakati pa ulendo, maso ali kumadzi, mkulu uja anandiuza kuti mkazi wake anachoka mu Ogasiti. Tinali titagwira ntchito limodzi zaka zitatu, tiyi timamwera pamodzi tsiku lililonse, sanatchulepo. Ndinazindikira kuti anthu a kuno zakukhosi amazitulutsa akamayenda phewa ndi phewa, osayang'anana. Kuyambira pamenepo ndimayenda pafupifupi Lamlungu lililonse.

Ndiye Julaye wapitayu ndinapita kumudzi. Kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, pamene phiri la Zomba ndi la Malosa amasiyana n'kupatsa mtsinje podutsa. Amene amati ku Malawi sikuzizira sanagoneko kumeneko chiperoni chitatsika. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Scotland umazizidwa panja n'kuthawira m'nyumba, pamene kwathu umazizidwa m'nyumba n'kuthawira panja kukaothera dzuwa kukhoma. Mnzanga amene tinakulira limodzi ndinamupeza kukhoma komweko, chipewa mpaka m'makutu, akusenda mbatata yootcha.

Ndinati, “Amwene, tiyeni tikayende kumtsinje.”

“Kukatani?”

“Kungoyenda basi.”

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. “Mwatayako chiyani?”

Anavomera, koma mwa njira yake. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje ndi thumba. Anati poti tikupita komweko akaone dimba, akadule bango lomangira tomato, ndiponso pali munthu wina woumba njerwa amene ali naye ngongole. Tisanatuluke pabwalo, ulendo wanga wopanda cholinga unali utapeza zolinga zitatu.

Mtunda umene ku Clyde ndikanauyenda mphindi makumi atatu unatitengera maola awiri. Kwathu sudutsa munthu ngati chitsa. Apa agogo a Chiyao akuti “Ajimwiche uli?”, apo mayi wina akundikumbutsa kuti anandibereka kumsana ndili khanda, uko mnyamata akufunsa ngati kunjako kuli ntchito. Mafunso ndi omwe aja: mwabwera liti, mubwerera liti, ana ali bwanji, nanga mukupita kuti? Lomalizali mnzanga ndiye ankandiyankhira, “Tikukaona dimba,” kuti ndisachite manyazi.

Manyaziwo ndinawachitabe. Titayandikira pamene njira imatsikira kumadzi, ine ndinangopitirira, manja m'matumba, monga ndinazolowerera. Mnzanga anandikoka jekete mwamphamvu n'kukuwa, “Odi kumadziko!” Mawu a amayi anayankha kuseri kwa bango kuti tidikire. Tinaima chopenya kuphiri mpaka anatiuza kuti tidutse. Zaka zisanu ndi ziwiri zokha, ndaiwala kuti mtsinje wa kwathu uli ndi dooko la amayi ndi la abambo, ndi kuti mwamuna amayamba wapempha njira. Ku Scotland ufulu wodutsa unalembedwa m'buku la malamulo. Kwathu umaupempha pakamwa, kwa amene wamupeza pamadzi.

Dimba la mnzanga lili pamphepete penipeni. Mabedi a mpiru ndi repu, tomato wongoyamba maluwa, kachigawo ka chimanga chothirira chofika m'mawondo. Mwana wake wamkulu anali atayamba kuthirira mbandakucha, makheni awiri m'manja, kutsika n'kukwera pagombe loterera, mapazi atachita mbuu ndi kuzizira. Ndinayesa ulendo umodzi, madzi theka anathera m'nsapato zanga zodula zija. Kutsidya anyamata ankafukula mchenga n'kuunjika milu kudikira lole. Pamwamba, m'njira yochokera ku Malosa, njinga zitatu za makala zinkatsika mabuleki akulira. Gombe lina linagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo likadali choncho, mizu ya mtengo wa mango ili pamtunda.

Apa ndiye pamene mtima wanga unagawanika. Mtsinje wa Domasi ndi wantchito. Umamwetsa madimba, umachapa, umaumba njerwa, kumunsi umathirira sikimu ya mpunga, ndipo zotsala zake ndi zimene zimakafika ku nyanja ya Chilwa, ija inaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso mu 2018. Aliyense amatapako. Sindisirira zii wa ku Clyde, mtsinje wopanda mawu a anthu umandichititsa mantha pang'ono. Chimene ndimasirira ndi mitengo ya m'mbali mwake. Tili ana pano panali mikuyu ndi nsungwi zophimba madzi, tinkasambira mumthunzi. Lero khasu lafika mpaka pamadzi. Koma ndimuuze mnzanga kuti abwerere m'mbuyo mamita angapo, pamene fizi ya ana ake ikuchokera m'mabedi omwewo? Ine wodya za mapaundi? Ndinatseka pakamwa n'kuthandiza kudula bango.

Ulendo wonse ndinkadikira kuti alankhule zakukhosi, monga anachitira mkulu wa ku Clyde uja. Ndinamuponyera mafunso, ndinakhala chete dala, ndinayang'ana kumadzi. Iye ankangonena za mtengo wa feteleza ndi za woumba njerwa amene tinamupeza atathawa. Ndinati basi, zinthuzi n'zachizungu, kwathu sizigwira.

Madzulo titadya nsima ya matemba, ndinatsanzika kuti ndikagone kwa mlongo wanga ku Zomba. Mlamu sanatuluke, ana anati agona. Mnzanga anatenga tochi ya pafoni nati andiperekeze kumsewu. Mdima unali utagwa, mphepo ikuchokera kuphiri, tikuyenda wina kutsogolo wina pambuyo m'kanjira kopapatiza. Titangopitirira nyumba yomaliza, iye ali patsogolo osatembenuka, anati, “Amwene, alamu anu sali bwino.” Anayamba mu Epulo. Apita kuchipatala kanayi. Njinga anagulitsa, ndipo dimba lija theka lake ndi chikole cha ngongole. Ana sakudziwa zonse.

Ndinaiwala bwanji kuti kuperekeza mlendo ndiko kuyenda kwathu? Bambo anga nkhani za maukwati, za maliro ndi za ngongole ankazimalizira panjira, mlendo atatsanzika kale.

Tinafika pamsewu wa Zomba ndi Liwonde. Minibasi yoyamba inaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo awiri, mnzanga anaikweza dzanja kuti ipite. Yachiwiri ndinaibweza ndine. Kenako ndinati kwada, ndimuperekezeko pang'ono, ndipo tinabwerera m'kanjira komwe kaja, tsopano ine ndili patsogolo, tochi ili kwa iye.