Chotupa cha m'fupa musachithamangire ndi mpeni

Abale anzanga akumudzi, ndikulemba nditangoweruka, fungo la formalin likadali m'zovala. Ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza zotupa kuno ku England, ndipo lero patebulo langa panafika chigawo cha fupa la m'chiuno la bambo wina. Titalicheka ndi sowo, m'kati munali zinthu zotuwa, zonyezimira, zofanana ndi chichereŵechereŵe chija timatafuna pa nganga ya nkhuku. Imeneyi ndi chondrosarcoma, khansa yomera m'fupa. Imakonda anthu opitirira zaka 40, makamaka m'chiuno, m'ntchafu, paphewa ndi m'nthiti.

Nditaiona ndinakumbukira amalume anga. Chiuno chinawapweteka chaka chathunthu, usiku osagona. Tonse tinkati ndi nyamakazi. Anamwa panado, anatemedwa mphini, kenako pachipatala china anang'amba chotupa cha m'chiunomo poganiza kuti muli mafinya. Mafinya sanapezeke, ndipo kanyama komwe anadulako sikanapite kukayezedwa. Chotupa chinabwerera chili chachikulu kuposa kale. Tinawaika m'manda osadziwa dzina la matenda awo, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Kuno akangokayikira khansa ya m'fupa, dokotala wamba sakhudzako. Wodwala amamutumiza ku chimodzi mwa zipatala zisanu zokha: Birmingham, Stanmore, Oswestry, Oxford kapena Newcastle. Amayamba ndi X-ray, kenako MRI, kutenga kanyama kumabwera pomaliza. Ngakhale polowera singano yotengera kanyamako amasankha mogwirizana ndi dokotala amene adzachite opaleshoni, chifukwa njira yonse yomwe singano yadutsa imadzachotsedwa pamodzi ndi chotupa. Kung'amba chisawawa kumamwaza mbewu za khansa m'minofu yabwinobwino.

Chovuta china n'chakuti pa mayikulosikopu, khansa imeneyi ikakhala yofatsa imafanana kwambiri ndi enchondroma, chotupa chosaopsa. Diso la katswiri palokha likhoza kunamizika. N'chifukwa chake sabata iliyonse woyeza kanyama, wowerenga zithunzi ndi wa opaleshoni amakhala pamodzi, kuona ngati chotupa chadya khoma la fupa, asanagwirizane kuti ndi giredi 1, 2 kapena 3. Yankho likalakwika palibe pothawira, popeza mtundu wofala wa khansayi sumva kwenikweni chemotherapy kapena radiotherapy. Chimene chimapulumutsa munthu ndi kuchotsa chotupa chonse bwinobwino ulendo woyamba.

Sindikunyoza kwathu ayi. MRI ndi yosowa, akatswiri oyeza zotupa ndi owerengeka, ndipo ma clinical officer a mafupa m'maboma amasenza mtolo wolemera kwambiri. Komatu poyambira tili napo. Labotale yoyeza zotupa ya ku Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011, ku Blantyre nakonso amayeza. X-ray yokha imaonetsa zambiri, chifukwa zotupa zimenezi zimakhala ndi timadontho toyera tonga mbuliwuli.

Anzanga achipatala, chotupa cholimba chokakamira kufupa musaching'ambe musanachiunike. Mukadulako kanthu, kaikeni mu formalin, ndipo potumiza muphatikizepo chithunzi cha X-ray, zaka za wodwala ndi malo enieni pomwe pali chotupa. Fupa limayamba lafewetsedwa ndi mankhwala kwa masiku angapo lisanayezedwe, choncho auzeni odwala asataye mtima podikira zotsatira.

Inunso amene muli ndi kholo lomwe likudandaula fupa limodzimodzi miyezi ndi miyezi, makamaka usiku, chonde litengeni mukapemphe X-ray sabata ino.