Kalata kwa mphwanga: kumene kunachokera kamphira kofiira ka Bruno

Wokondedwa mphwanga,

 

M'katundu amene ndakutumizirayu upezamo kanthu kamphira kofiira, kolemerako ndithu, kooneka ngati mipira itatu yosanjikizana, kobooka m'kati. Si ka ana ayi, n'ka galu wako Bruno. Amakatcha Kong. Madandaulo ako ndawamva onse: payipi yothirira maluwa waidula pawiri, nsapato za mlamu wazimaliza, zovala pachingwe sizikhala, ndipo m'mbali mwa mpanda muli maenje okhaokha. Ndamvanso malangizo a anzako, oti uzimukwapula n'kumutsekera m'kanyumba kake usana wonse. Usanachite zimenezo, ndikuuze kaye kumene kamphiraka kanachokera, pakuti mbiri yake ikukhudza galu wakoyo.

Cha m'ma 1970, mumzinda wa Denver ku Colorado, m'dziko la America, munali makaniko wina dzina lake Joe Markham. Iye anali ndi galu wa mtundu wa German Shepherd, Fritz, yemwe anaphunzitsidwapo ntchito ya upolisi. Fritz anali ndi chizolowezi chodetsa nkhawa: ankatafuna miyala, mpaka mano anayamba kuperepeseka. Mwini wake anayesa kumupatsa ichi ndi icho, koma galuyo ankabwerera ku miyala yake. Tsiku lina Markham akukonza basi yaing'ono ya Volkswagen, anamuponyera kamphira kena kochokera kunsi kwa galimotoyo, kaja kamatchinjiriza zitsulo kuti zisagundane galimoto ikadumpha pabampu. Kanagwa pansi, kananjanja n'kulowera uku, kananjanjanso n'kukhotera kwina. Fritz anakathamangira, anakagwira, anayamba kukatafuna, ndipo miyala anaiiwala.

Wina akanangoseka n'kupitiriza ntchito. Markham anaona kuti wapeza chinthu. Anatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi akufunafuna mphira woyenera: wolimba moti mano a galu wamkulu asaudule, komanso wofewa moti usaswe dzino. Mu 1976 anayamba kugulitsa, ndipo kampani yake ilipo mpaka lero ku Golden, ku Colorado komweko. Kofiirako n'ka agalu ambiri. Palinso kakuda, kolimba kwambiri, ka agalu a zibwano zamphamvu.

Poyamba chimene chinkakopa galu chinali kutafuna ndi kunjanja kosadziwika kolowerako. Mpira wamba galu amadziwiratu kumene ugwere, koma aka ayi, ndiye maso ndi mutu zimagwira ntchito pamodzi ndi miyendo. Koma chimene chinakatchukitsa zedi ndi dzenje la m'katimo. Ophunzitsa agalu anayamba kuikamo chakudya. Mmodzi wa iwo ndi Ian Dunbar, dokotala wa ziweto wochokera ku Britain, amene anayambitsa sukulu ya ana agalu ku California mu 1982. Iye wakhala akulimbikitsa kuti mwana wagalu asamadyere m'mbale: chakudya chake cha tsikulo uchiyeze, uchiike m'zoseweretsa zobooka ngati zimenezi, achivutikire yekha. Galu wozolowera motero, kulakalaka kutafuna kukamugwira amafuna kamphira kake, osati mwendo wa mpando.

Mwina ukuti, kumuvutitsiranji galu pa chakudya chake chomwe? Inenso funso limeneli linandivuta, ndipo yankho lake ndi limene ndimalikonda kwambiri m'nkhani yonseyi. Mu 1963 katswiri wina wofufuza khalidwe la nyama, Glen Jensen, anaphunzitsa makoswe kudina kachitsulo kuti chakudya chigwe. Atazolowera, anawaikira mbale yodzaza chakudya chomwecho pambali, chaulere. Aliyense akanayembekezera kuti makoswe angokhamukira m'mbale. Sizinatero. Pafupifupi onse anapitirizabe kudina kachitsulo kaja, chakudya chaulere chili poteropo. Ena anadzayesa zofananazo pa nkhunda, anyani ndi nyama zina zambiri, n'kupeza zomwezo (amphaka okha ndiwo amakonda za m'mbale). Tanthauzo lake n'lakuti kwa nyama, kufunafuna chakudya si chilango. Ndi njala ina payokha, ndipo mbale yodzaza siithetsa.

Osamalira nyama zakutchire anaphunzirapo. M'zaka za m'ma 1970, pamalo osungirako nyama a mumzinda wa Portland ku Oregon, Hal Markowitz anakonza makina oti anyani a mtundu wa gibbon azikoka chitsulo kuno, n'kulendewera kupita uko kuti apeze chipatso. Nyama zimene zinkangokhala ndwii zinayambanso kuyenda ndi kuchangamuka. Lero malo ambiri otere amabisa chakudya m'zipika, m'mabokosi ndi m'maudzu, chifukwa anaona kuti nyama yosowa chochita imayendayenda pamzere umodzi tsiku lonse, kapena kudziluma yokha.

Tsopano ganizira magazi a Bruno. Unandiuza kuti mayi wake ndi German Shepherd. Mtundu umenewu anaukhazikitsa Max von Stephanitz ku Germany mu 1899, kuchokera mwa agalu oweta nkhosa, amene ankathamanga m'mbali mwa gulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kwinaku akumvetsera mbusa. Ubusa wa nkhosa utayamba kuchepa, von Stephanitz anayesetsa kuti agaluwa alowe ntchito ya upolisi ndi ya usilikali, podziwa kuti sanawetedwere kukhala pansi. Galu wotere, wa miyezi isanu ndi itatu, mano ake 42 atangokwanira kumene, iwe umamusiya m'mpanda kuyambira sikisi koloko m'mawa. Chakudya amamaliza m'mphindi ziwiri. Maola enawo achite nawo chiyani? Payipi ija ndiyo ntchito imene anadzipezera.

Kumbukira agalu athu akumudzi. Anali owonda, ankadya mikute ndi madeya, koma sindikumbukira ndi mmodzi yemwe amene anang'amba chovala pachingwe. M'mawa ankatsatira amayi kudimba, masana ali nafe kubusa, ndipo tikapita kosaka akalulu mphuno inali pansi mtunda wonse. Pofika madzulo ankangodzigwetsa pakhonde. Sindikuti ankasamalidwa bwino kuposa Bruno, ayi. Ambiri ankafa ndi matenda amene katemera akanaletsa. Koma mitu yawo sinkasowa chochita, ndipo chimenechi ndicho mpanda wa m'tauni unalanda galu. N'chifukwa chake zomutsekera m'kanyumba usana wonse ndimazikana ndi mtima wonse. Galu wotsekeredwa amatuluka ali wosokonezeka ndi wamantha, ndipo wamantha amaluma ndi mwana wa pakhomo yemwe.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. Masiku oyamba ikamo zouma zogwa msanga, monga tiusipa, kuti akangokagubuduza aone phindu. Ukayamba ndi zovuta adzakataya. Akazolowera, kanya nsima ya mgaiwa ndi usipa wosinja, utsendere m'katimo, kukamwa kwa dzenjelo umate ndi chiponde pang'ono. Pambuyo pake uzikaika mufiriji usiku kuti ziume gwa. Pamenepo udzamuona atagona pansi, kamphira atakapanikiza ndi miyendo yakutsogolo, lilime likulowa ndi kutuluka, makutu atagwa, osalabadira ngakhale njinga yodutsa kunja. Umupatse pamene ukutuluka kupita kuntchito, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene amawononga kwambiri. Chakudya cha m'kamphiracho uzichotsera pa chakudya chake cha tsikulo, kuti asanenepe. Chiponde chikhale chosinja nokha kapena chopanda zotsekemeretsa, pakuti china chogula chimakhala ndi xylitol, yemwe ndi poizoni kwa galu. Anyezi ndi chokoleti asalawe, ndipo mafupa ophika amasweka n'kulasa m'matumbo. Kabowo kakang'ono ka pamwamba usamakatseke kotheratu, kamathandiza kuti lilime lisakanirire m'katimo.

Kamphira kamodzi sikangamalize zonse. Madzulo ena tenga chakudya chake, uchimwaze pakapinga, achitole ndi mphuno kamodzikamodzi. Ana akhoza kubisa usipa pansi pa makatoni atatu, iye azisankha. Mphindi khumi zomuphunzitsa kukhala, kudikira ndi kubwera akaitanidwa zimamutopetsa kuposa kuthamanga m'mpanda popanda cholinga. Uziyenda nayenso kunja pa chingwe, ndipo akaima kununkhiza pamtengo usamukoke msanga. Nsapato, zovala ndi payipi muzichotse pamene angafike kwa miyezi ingapo, mpaka chizolowezi chatsopano chikhazikike.

Uzikatsuka ndi madzi ofunda, ndipo ukaona kuti kayamba kung'ambika, ukachotse asameze zidutswa. Undidziwitse ndidzakutumizire kakuda kaja. Pakatha masabata awiri undilembere mmene zikuyendera. Upereke moni kwa mlamu, umuuze kuti za nsapato zija ndamva chisoni, ndipo ana uwauze kuti masewera a makatoni ndawasiya m'manja mwawo.

Ndine mkulu wako.