Za Tinthu Tosaoneka Tokhala Pakati pa Nyenyezi

Anzanga ambiri amati pakati pa nyenyezi palibe kanthu, ndi mdima wokhawokha. Ine ndikana. M'gulu la nyenyezi lochedwa Taurus muli mtambo wa mpweya ndi pfumbi, dzina lace TMC-1, wozizira kufika madigiri 263 pansi pa ziro. Ife timadandaula ndi cisanu ca mwezi wa June m'nyumba yogonamo, koma cimeneco ndi masewera cabe. M'mtambomo muli mamolekyulu, ndipo ena a iwo ali ndi elekitironi imodzi yoposa, kotero kuti mphamvu yao ya magetsi ndi ya negative.

Kale akatswiri ambiri sanali kuwayembekeza kumeneko, popeza kuwala kwa nyenyezi kumacotsa elekitironi yotere mosabvuta. Mu 1981 Eric Herbst analemba kuti angapezeke ndithu, ndipo cifukwa cace ndico cindikondweretsa. Elekitironi ikagunda molekyulu yaing'ono imadza ndi mphamvu imene molekyuluyo siingathe kuisunga, tsono imathawanso msanga. Koma molekyulu yaitali, ya maatomu a kaboni olumikizana ngati mkanda, imagawa mphamvuyo m'thupi lace lonse, niitulutsa monga kuwala, elekitironi nikhala pomwepo. Mtolo wothyola khosi la munthu mmodzi, anthu asanu ndi mmodzi aunyamula akuceza.

Umboni unacedwa zaka 25. Mu 1995 akatswiri a ku Japan, pa telesikopu ya Nobeyama, anamva mafunde a wailesi ocokera ku nyenyezi ya IRC+10216. Mwini wa mafundewo sanamdziwe. Anangowapatsa dzina lakuti B1377, nakhala comweco zaka 11 ngati mbuzi yosokera. Mu 2006 Michael McCarthy, Patrick Thaddeus ndi anzao a ku Harvard anapanga molekyulu ya C6H⁻ m'cipinda coyesera, nayesa mafunde ace, napeza kuti ndi omwewo. Anaipezanso mu TMC-1 ndi telesikopu ya Green Bank, imene mbale yace ndi ya mamita 100 m'mimba mwace. Mu 2007 zinapezeka C4H⁻ ndi C8H⁻, mu 2010 CN⁻.

Atate afuna kuti ndikatsiriza sukulu ndikalowe nchito ya ukalaliki, ndithandize kulipirira ang'ono anga awiri, ndipo sanena zopanda nzeru ai. Ine ndifuna kemisitiri. Pa chuthi cikudzaci ndiyenera kuwauza, ndipo ndidziwa kuti adzandifunsa ngati elekitironi idyedwa.