Nsambo za Besi ndi Liwu la Woimba

Mnyamata amene wasunga ndalama kwa miyezi ingapo kuti agule nsambo za gitala ya besi yamagetsi amalowa m'sitolo ali ndi funso limodzi: "Kodi nsambo zabwino koposa ndi ziti?" Wogulitsa woona mtima sathamangira kuyankha. Iye amayamba wafunsa mtundu wa nyimbo zimene mnyamatayo amaimba, pakuti nsambo yokomera nyimbo ina ikhoza kuononga inzake. Mbiri ya akatswiri awiri ikuchitira umboni mfundo imeneyi.

Woyamba ndi James Jamerson, amene ankaimba besi m'nyimbo za kampani ya Motown mumzinda wa Detroit ku America. Iye ankagwiritsa ntchito gitala ya Fender Precision ndi nsambo zonenepa za La Bella, za mtundu wotchedwa flatwound. Nsambo ya besi imakhala ndi waya wapakati amene amakulungidwa ndi waya wina, ndipo pa mtundu umenewu waya wokulungirayo ndi wophwatalala ngati lamba. Motero nsamboyo imakhala yosalala, sipweteka zala, ndipo liwu lake ndi lakuya ndiponso lofatsa. Jamerson sankasintha nsambo pokhapokha ikaduka. Thukuta ndi litsiro la zaka zambiri zinkaphimba kuthwa konse kwa liwu, n'kusiya kugunda konga kwa mtima kumene kumamveka poyambirira pa nyimbo ya "My Girl" ya mu 1964.

Wachiwiri ndi John Entwistle wa gulu la The Who ku England. Iyeyu ankaimba pakati pa ng'oma zaphokoso ndi gitala yolira mwaukali, kotero kuti liwu lofatsa likanamira. Mu 1966 anapita ku fakitale ya Rotosound kukathandiza kukonza nsambo za mtundu wa roundwound, zokulungidwa ndi waya wobulungira. Nsambo zoterezi n'zokhakhala pozikhudza, zimalira mothwa ngati piyano, ndipo liwu lake limatenga nthawi kuti lizilale. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zimatupitsa zala za wophunzira, zimadya timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala, ndipo kuthwa kwake kumachepa zikakhalitsa.

Ndani mwa awiriwa anasankha bwino? Onse anasankha bwino, chifukwa aliyense anamvetsera kaye gulu lake asanamvetsere wogulitsa. Komabe kusankha kuli ndi mtengo wake. Motown itasamukira ku Los Angeles mu 1972, makutu a anthu anayamba kukonda besi yolira mothwa. Jamerson anapemphedwa kuti ayese nsambo za waya wobulungira, koma anakana mwaulemu. Ena angati kumeneko kunali kuuma mutu, pomwe ena angati munthu sasinthanitsa liwu lake ndi la mnzake chifukwa cha malonda.

Mnyamata uja akadziwa liwu limene akufuna, patsala zinthu zitatu zoti aziyeze ndi maso ndi manja. Choyamba ndi kutalika. Magitala ambiri a besi ali ndi mainchesi 34 kuchokera pamene nsambo yakhazikika kumutu kufika pamene yakhazikika kumimba, koma ena, monga Höfner ya Paul McCartney, ali ndi mainchesi pafupifupi 30 okha. Nsambo zogulidwa mosayeza zimaperewera kapena sizimangika bwino. Chachiwiri ndi kunenepa. Manambala monga 45 ndi 105 olembedwa papaketi amasonyeza kunenepa kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu. Nsambo zonenepa zimalira mwamphamvu, koma zimatopetsa dzanja ndi kukoka khosi la gitala, mwakuti nthawi zina limafunika kuwongoledwa. Chachitatu ndi chitsulo chake. Nsambo zokutidwa ndi nikelo zimalira mofewa kusiyana ndi za chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo n'chofunika chifukwa maginito a pamimba pa gitala ndiwo amatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku chimkuzamawu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula mopupuluma, chifukwa chongoona dzina la katswiri papaketi, amabwerera kunyumba ndi liwu la munthu wina, ndalama zake zitapita. Amene wamvetsera ng'oma ndi mawu a anzake, wayeza gitala yake, ndipo wavomereza mphamvu za zala zake, amagula kamodzi. Akafika kunyumba amapukuta nsambozo ndi kansalu kouma nthawi iliyonse akatha kuimba, kuti zimutumikire nthawi yaitali.